Mtolo wa magemu watchipa ku London, koma mwini wake ndani?

Ndi Loweruka masana, ndipo mvula yowaza ikunyowetsa Rathbone Place, kamsewu kopatuka pa Oxford Street pakatikati pa mzinda wa London. M'sitolo ya CeX anthu ali thithithi. Ambiri afulatira khomo, maso ali kukhoma, zala zikuyenda pa timabokosi ta pulasitiki tomwe tandandalikidwa kuyambira pansi mpaka pomwe mkono ungafike.

Palibe akulankhula mokweza. Chomwe chikumveka ndi khwa, khwa, khwa wa timabokosito.

Pa shelefu ya m'munsi, pomwe munthu amachita kunjuta kuti awerenge, pali mzere wa FIFA yakale. Pachikuto china pali Messi, china Ronaldo, china Hazard, china Mbappé. Zimbalezi zitangotuluka kumene, anthu ankazigula mapaundi 40 kapena 50 chimodzi. Lero zina mwa izo zamatidwa kapepala ka mapeni 50.

Botolo la madzi akumwa m'sitolo yoyandikana nayo ndi lodula kuposa pamenepo.

Mnyamata wina wa zaka ngati 12 wagwira EA Sports FC yatsopano ndi manja onse awiri. Bambo ake agwira ya zaka ziwiri zapitazo. Bamboyo akuti mpira ndi womwewo, zigoli ndi zomwezo, chasintha ndi yunifolomu basi. Mwanayo sakumva. Akuti anzake onse a kusukulu ali pa yatsopano, ndipo munthu wa yakale sangasewere nawo pa intaneti. Onse awiri akunena zoona, n'chifukwa chake mkangano wawo sukutha msanga.

Kukauntala, mnyamata wina wakhuthula zimbale m'chikwama. Wogulitsa akutsegula chimodzichimodzi, kuchipendeketsa pa getsi kuti aone ngati chili ndi zokala, kenaka n'kutchula mitengo iwiri: wa ndalama m'manja, ndi wa vocha yogulira katundu m'sitolo momwemo. Wa vocha ndiye wokwererapo. Mnyamatayo walandira vocha, wazungulira shelefu imodzi, ndipo watuluka ndi gemu ina.

Malonda a CeX anayamba mu 1992, pomwe inatsegula kasitolo kake koyamba pafupi ndi Tottenham Court Road, kamtunda koyenda pansi kuchokera pano. Lero masitolo ake ofiira ali m'misewu ikuluikulu ya madera ambiri a London. Koma amene amaonetsetsa akudziwa kuti magemu ambiri otchipa sakudutsanso pa kauntala ngati iyi. Akudutsa pa intaneti, m'mitolo, ndipo alibe chikuto choti munthu n'kugwira.

Mkangano wosatha

Anthu osewera magemu ku London amakonda kukangana ngati mmene amakondera kusewera. Mukawapeza pa Four Quarters ku Peckham, malo omwera zakumwa omwe adzaza ndi makina a gemu a zaka za m'ma 1980 ndi 1990, kapena pamzere wolowera ku chionetsero cha magemu ku ExCeL, nkhani imayamba ndi gemu yomwe ili yabwino kuposa inzake, koma sipatenga nthawi isanakhotere ku mtengo.

A mpira ali ndi magulu awo. Ena ali pa EA Sports FC, dzina lomwe gemu ya FIFA inatenga mu 2023 kampani ya EA itasiyana ndi bungwe la FIFA. Amati ili ndi matimu enieni, mabwalo enieni, nkhope zenizeni. Ena ali pa eFootball ya Konami, yomwe akale amaidziwa kuti PES kapena Winning Eleven, ndipo kuyambira 2021 ndi yaulere. Awa amati mpira wake umalemera bwino pa phazi, ndipo pasi imafuna nzeru. Gulu lachitatu silithamangitsa mpira n'komwe. Limakhala pa Football Manager, kugula osewera, kukonza timu, kukangana ndi eni kalabu. Gemu imeneyi imapangidwa mu London momuno, ndi kampani ya Sports Interactive yomwe ili ku Stratford, pa malo omwe panachitikira masewera a Olympics mu 2012. Mu Febuluwale 2025 kampaniyi italengeza kuti Football Manager 25 siitulukanso chifukwa siinafike pomwe iwo ankafuna, ena anakwiya, koma ambiri anangobwerera ku ya chaka chapitacho n'kupitiriza ligi yawo.

Muyeso womwe umamveka kawirikawiri ndi wa maola. Munthu amawerengera kuti walipira mapaundi angati, ndipo wasewera maola angati. Pa muyeso umenewu, magemu ang'onoang'ono amagwetsa zimphona.

Chitsanzo chomwe sichichoka pakamwa ndi Vampire Survivors. Anaipanga ndi Luca Galante, Mtaliyana wokhala ku London, ndipo inayamba kugulitsidwa kumapeto kwa 2021 pa mtengo wosafika mapaundi 5. Zithunzi zake n'zachikale. Munthu amangoyendetsa kamunthu kake uku zilombo zikumuunjirira mbali zonse. Koma mu Malichi 2023, pa mphoto za BAFTA ku Queen Elizabeth Hall m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kagemu kameneka kanatenga mphoto ya gemu yopambana zonse, kuposa Elden Ring ndi God of War Ragnarök zomwe zinapangidwa ndi magulu a anthu mazanamazana.

Balatro, gemu ya makadi yomwe inatulutsidwa mu Febuluwale 2024 ndi kampani ya ku London ya Playstack, inadutsanso njira yomweyo. Mtengo wake sufika mapaundi 15, ndipo chisanathe chaka inali itagulidwa ka 5 miliyoni.

Mbali inayo kuli Suicide Squad: Kill the Justice League. Inapangidwa ndi Rocksteady, kampani ya kumpoto kwa London yomwe inatchuka ndi Batman: Arkham Asylum mu 2009. Inatuluka mu Febuluwale 2024 pa mtengo wa gemu yayikulu. Anthu sanaikonde. Eni ake, a Warner Bros., anavomera kuti inawaluzitsa madola pafupifupi 200 miliyoni, ndipo chaka chisanathe mtengo wake pa sitolo ya pa intaneti ya Steam unali utadulidwa ndi 95 peresenti.

Amene anagula tsiku loyamba anaphunzirapo. Ndipo phunziro limeneli lafalikira: dikira, itsika.

Kudikirako kuli ndi chifukwa. PlayStation 5 itafika mu Novembala 2020, magemu akuluakulu a Sony anakwera kufika mapaundi 69.99. Mu Juni 2025, Nintendo Switch 2 inabwera ndi Mario Kart World ya mapaundi 74.99 ukafuna ya m'bokosi. Makina okha anali mapaundi 395.99, koma ophatikiza ndi gemuyo anali 429.99. Ndiye kuti mu mtolo, gemu yomweyo imatuluka pa mapaundi 34. Kholo lililonse lomwe limalipira lendi ya ku London masamu amenewa limawamva msanga.

Mtolo si wa lero

Achinyamata ena amaganiza kuti magemu otchipa anabwera ndi intaneti. Ayi ndithu.

Mu 1984, kampani ya ku London ya Mastertronic inayamba kugulitsa magemu pa mapaundi 1.99, pomwe ena ankagulitsa mapaundi 5 kupita m'mwamba. Magemu a nthawi imeneyo ankabwera pa kaseti, yofanana ndi ya nyimbo, ndipo mwana ankadikira mphindi zingapo kasetiyo ikulira asanayambe kusewera pa ZX Spectrum kapena Commodore 64. Nzeru ya Mastertronic inali yoika makaseti amenewa m'masitolo a nyuzipepala ndi m'malo omwetsera mafuta galimoto, pomwe mwana wokhala ndi ndalama ya m'thumba angafike.

Chaka chotsatira, mu 1985, kunatuluka Soft Aid: kaseti imodzi, magemu khumi, mapaundi 4.99. Ndalama zake zinkapita kothandiza anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia, ndipo zinapitirira mapaundi 300,000. Choncho mtolo wa magemu wothandizira ovutika unaoneka ku Britain zaka 25 mtolo wa pa intaneti wa Humble Bundle usanabadwe, ndipo nkhani yake inali ya ku Africa.

Nafenso kwathu mitolo tinaidziwa kale. Amene anakulira ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 akukumbukira timakaseti tachikasu tolowetsa m'makina olumikiza ku TV, tolembedwa kuti muli magemu zikwizikwi. Ukatsegula, unkapeza Super Mario, Contra, Duck Hunt ndi akasinja aja, kenaka omwewo akubwerezedwa ndi mayina ena mpaka nambala itakwana. Ana ankadziwa kuti nambalayo ndi yabodza, koma magemu ochepa enieniwo ankawasewera mpaka mabatani kufufutika, nyumba yonse ndi ana a kwa aneba omwe, kulandirana padi imodzi.

Mtolo wa masiku ano unayamba mu Meyi 2010. Kampani yaying'ono ya ku America ya Wolfire Games inasonkhanitsa magemu asanu, mwa iwo World of Goo ndi Aquaria, n'kuuza anthu kuti aliyense alipire zomwe akufuna. Wogula ankasankhanso yekha kuti ndalama zingati zipite kwa opanga magemuwo, zingati ku mabungwe othandiza anthu. Ambiri ankaganiza kuti anthu azingoponya tambala imodzi. Ena anaterodi, koma ndalama zonse pamodzi zinapitirira madola 1 miliyoni m'masiku owerengeka. Umu ndi momwe Humble Bundle inayambira. Mu 2017 inagulidwa ndi kampani ya IGN, ndipo lero ili ndi mtolo wolipira mwezi ndi mwezi wotchedwa Humble Choice.

Ku Britain kunabadwanso ena. Green Man Gaming, yomwe likulu lake lili ku London, inayamba kugulitsa magemu pa intaneti mu 2010. Ku Rugeley, m'chigawo cha Staffordshire, kunayamba Bundle Stars mu 2012, yomwe mu 2017 inasintha dzina kukhala Fanatical. Masitolo amenewa sakutumizira bokosi. Akutumizira kiyi, mndandanda wa zilembo ndi manambala womwe umakalowetsa pa Steam, sitolo yayikulu ya magemu a pakompyuta yomwe kampani ya Valve inatsegula mu 2003. Ukalowetsa, gemu imaonekera pa akaunti yako.

Pali mitolo ina yomwe kukula kwake kumadabwitsa. Mu Juni 2020, George Floyd ataphedwa ku America, tsamba la itch.io linasonkhanitsa zinthu zoposa 1,700, zambiri mwa izo magemu, pa madola 5 okha. Linatolera madola oposa 8 miliyoni. Mu Malichi 2022, mtolo wa Humble wothandiza anthu a ku Ukraine unapitirira madola 20 miliyoni. Izi ndi ndalama zenizeni zomwe zinafika kwa anthu enieni, ndipo amene amanyoza magemu kuti ndi zibwana ayenera kuzidziwa.

Ndiye palinso mtolo wobisika, womwe Fanatical imaukonda. Umalipira mapaundi ochepa, n'kulandira makiyi angapo osadziwa kuti ndi a magemu ati. Zili ngati belo ya kaunjika: wogula amalipira isanatsegulidwe, akuyembekeza jekete labwino limodzi loti libweze ndalama yonse, koma nthawi zambiri zomwe zimatuluka ndi zovala zoti palibe anazifunsa. Pamenepa mpomwe anthu amagawanika kwambiri. Ena amati anapezamo gemu yomwe sakanaigula okha n'kuikonda. Ena amati ndi juga yovekedwa suti.

Ine ndili ndi achiwiriwa. Munthu akamalipira asanaone katundu, chomwe akugula ndi kugunda kwa mtima potsegula, osati gemu.

Ndipo mzimu womwewo ndi umene uli m'timapaketi ta osewera mpira mu Ultimate Team ya EA, momwe mwana amalipira ndalama yeniyeni osadziwa kuti mutuluka ndani. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti timabokosi totere ndi juga. Boma la Britain, litaunika nkhaniyi, linanena mu Julayi 2022 kuti siliika lamulo latsopano koma makampani adziletse okha. Makolo a ku London atsala ndi ntchito yolondera makadi awo a ku banki.

Nkhokwe yodzaza, nthawi palibe

Funsani aliyense wogula mitolo kuti ali ndi magemu angati pa akaunti yake. Ayankha monyadira. Mufunseninso kuti watsegulapo angati. Ayamba kukanda m'mutu.

Vutoli ndi lodziwika moti osewera amalitchula ngati matenda a banja. Magemu amabwera kuchokera mbali zonse. Steam imatsitsa mitengo kwambiri pakati pa chaka ndi pa Khirisimasi. Epic Games Store yakhala ikugawa magemu aulere kuyambira Disembala 2018, ndipo mu Meyi 2020 itagawa Grand Theft Auto V, anthu anachuluka mpaka tsamba lake linagwa kwa maola angapo. Olipira PlayStation Plus amalandira magemu mwezi uliwonse. Munthu amangodina, kusunga, kudina, kusunga.

Koma tsiku la ku London silinatalike. Namwino wochokera ku shifiti ya usiku, dalaivala wa basi, wosamalira okalamba yemwe wakwera sitima ziwiri kuti afike kunyumba, akakhala pansi amakhala ndi ola limodzi. Ola limenelo salipereka kwa gemu yachilendo yofuna kuphunzira. Amabwerera ku mpira wake, kapena ku Call of Duty komwe anzake akumudikira. Magemu a mu mtolo aja amangokhala mayina pa mndandanda.

Makampani akudziwa zimenezi, ndipo saluza. Kiyi ilibe mtengo wosindikizira, wonyamulira kapena wosungira m'nyumba ya katundu. Gemu ya zaka zinayi yomwe yasiya kuyenda malonda ikalowa mu mtolo imabweretsako kenakake, komanso imakopa anthu kuti adzagule yotsatira yake kapena zowonjezera zake pa mtengo wonse.

Amene amamva kuwawa ndi opanga magemu apakatikati. Ogula akazolowera kuti chilichonse chitsika, ndi ochepa amene amagula pa tsiku loyamba, pomwe kampani imafunitsitsa ndalama zolipirira antchito. Sindikunena kuti mitolo ndiyo yatseka makampani. Zifukwa n'zambiri, kuphatikizapo kulemba anthu ochuluka nthawi ya Covid-19 pomwe aliyense anali m'nyumba akusewera. Koma 2024 inali yowawa mu mzinda uno. Sony inatseka London Studio, yomwe inapanga SingStar ndi EyeToy. Roll7, yomwe inapanga OlliOlli ndi Rollerdrome n'kupambana mphoto za BAFTA, nayonso inatsekedwa. Magemu awo anthu ali nawobe pa maakaunti, ena mwa iwo anawapeza pa mtengo wa kapu ya khofi. Anthu omwe anawapanga anabalalika kukasaka ntchito.

Mkangano wa mtengo wafika mpaka kukhothi. Ku Competition Appeal Tribunal ku London, Alex Neill anakasumira Sony mu 2022 m'malo mwa ogula mamiliyoni, ponena kuti sitolo ya PlayStation imadulitsa magemu. Mu 2024 Vicki Shotbolt anakasumiranso Valve mlandu wa mapaundi 656 miliyoni. Pakati pa milandu yonse iwiri pali gawo la 30 peresenti lomwe eni masitolo a pa intanetiwa amadula pa malonda.

Wagula, kapena wabwereka?

Pa 31 Malichi 2024, kampani ya Ubisoft inazimitsa maseva a The Crew, gemu ya mpikisano wa magalimoto yomwe inatuluka mu 2014. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene anathanso kuisewera. Wogula pa mtengo wonse, wogula pa selo, ngakhale wokhala ndi chimbale m'manja, onse anatsala chimodzimodzi.

Apa mpomwe anthu ambiri anadzidzimuka.

Ross Scott, wopanga mavidiyo pa YouTube, anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, yopempha kuti kampani ikafuna kusiya gemu iziisiya ili yotheka kuseweredwa. Ku Britain, chikalata chopita ku Nyumba ya Malamulo chinasainidwa ndi anthu pafupifupi 190,000, kuposa 100,000 omwe amafunika kuti nkhani iganiziridwe zokambidwa. Pa 3 Novembala 2025 aphungu anaikambirana ku Westminster Hall. Boma linayankha kuti lilibe ganizo losintha malamulo oteteza ogula. Ku mayiko a European Union, chikalata chofanana nacho chinadutsa masiginecha 1 miliyoni.

Chomwe nkhaniyi inaulula chinali cholembedwa kale m'timalemba ting'onoting'ono tomwe palibe amawerenga. Ukadina batani logulira pa intaneti, chomwe walandira ndi chilolezo chosewera. Chakumapeto kwa 2024 Steam inayamba kulemba zimenezi poyera munthu asanalipire, boma la California litakhazikitsa lamulo lokakamiza masitolo kunena zoona pa nkhaniyi. Chilolezo chimenechi sungachigulitse. Sungachipereke kwa mphwako ukatopa nacho. Malamulo a Steam salola kusamutsira akaunti kwa munthu wina.

Mtolo wina waukulu, Xbox Game Pass, womwe unayamba mu 2017, sunamizira n'komwe kuti ndi kugula. Ndi lendi. Umalipira mwezi ndi mwezi, n'kusewera magemu mazanamazana, ndipo ukasiya kulipira chitseko chimatsekeka. Kwa zaka zingapo osewera ambiri ankati palibe mtolo woposa umenewu. Mu Okutobala 2025 Microsoft itakweza mtengo wa gawo lake lapamwamba kuchoka pa mapaundi 14.99 kufika 22.99 pamwezi, anthu anayamba kuwerengera pachaka: pafupifupi mapaundi 276, ndalama yotsala pang'ono kukwanira magemu anayi atsopano omwe ukanatha kudzawagulitsanso.

Si onse ogulitsa pa intaneti amene ali otero. GOG, sitolo ya ku Poland, imagulitsa magemu opanda loko. Ukatsitsa, umatha kusunga pa fulashi kapena pa hadi diraivi n'kudzaika pa kompyuta popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Mtolo woyamba wa Humble uja unalinso wotero, ndipo chimenecho chinali chimodzi mwa zomwe anthu anaukondera. Kwa munthu wokhala komwe intaneti ndi yodula, kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kutsika kwa mtengo.

Chimbale chopita kumudzi

M'misewu ya London, malo ogulira gemu ya m'bokosi akuchepa chaka ndi chaka. Bungwe la ogulitsa zosangalatsa ku Britain, ERA, linapeza kuti mu 2022 pafupifupi mapaundi 9 mwa 10 aliwonse ogulira magemu anadutsa pa intaneti. Tesco inasiya kugulitsa magemu m'masitolo ake mu 2023. GAME, yomwe kale inali pa msewu waukulu uliwonse, inagulidwa ndi Sports Direct mu 2019, masitolo ake ambiri n'kusanduka kakona m'kati mwa masitolo a nsapato ndi majezi, ndipo kumayambiriro kwa 2024 inasiya kulandira magemu ogwiritsidwa kale ntchito.

Makina nawonso akusintha. Xbox Series S ilibe polowetsa chimbale. PlayStation 5 Pro, yomwe inatuluka mu Novembala 2024 pa mapaundi 699.99, inabwera yopanda polowetsa chimbale. Wofuna ankagula padera pa mapaundi 99.99. Magemu ena a Switch 2 amabwera pa kakhadi komwe mulibe gemu, muli kiyi chabe yoti ukatsitsire gemuyo pa intaneti.

Kwa mwana wa ku Croydon kapena ku Woolwich, yemwe m'nyumba mwawo intaneti siitha, izi si nkhani. Kwa msuweni wake wa ku Area 25 kapena ku Bangwe ndi nkhani yayikulu.

Amalawi okhala ku Britain akamapita kumudzi, m'masutikesi mwawo mumakhala nsapato, mafoni akale, ndipo kawirikawiri PlayStation yomwe ana a m'nyumba aikulira, yokulungidwa m'majuzi, mapadi awiri ndi zimbale zingapo pambali. Makina oterewa ndi ena mwa omwe amakathera m'timashopu ta magemu m'mataunishipi athu: kachipinda ka malata, benchi, TV pakhoma, ana akulipira pa gemu iliyonse, wopambana akhale, wogonja apereke padi. Mwini kashopu amadyetsa banja ndi makina omwe ku London anatsala pang'ono kutayidwa. FIFA ya mapeni 50 ija ikafika kumeneko imagwira ntchito tsiku lonse, bola magetsi akhalepo.

Kiyi ya mu mtolo siyenda ulendo umenewu.

Makiyi ena amakhala omangidwa ku chigawo cha dziko komwe anagulidwa. PlayStation Store ilibe sitolo ya Malawi, moti osewera a kwathu amatsegula maakaunti a ku South Africa, ku Britain kapena ku America, n'kumasaka mavocha a mayiko amenewo. Kulipira ndi khadi ya ku banki kumafuna ndalama zakunja, zomwe zakhala zikusowa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha m'madola chinakwera usiku umodzi. Ngakhale amalume a ku London atalipira zonse, patsalabe phiri lina: magemu akuluakulu a masiku ano amatha kupitirira magigabaiti 100. Werengerani mabandulo a intaneti omwe angafunike, ndi maola omwe makina ayenera kukhala oyaka magetsi osazima. Starlink inafika m'Malawi mu 2023, koma ndi mabanja angati angaikwanitse?

Choncho gemu yomwe ku London yatchipa kufika pa paundi imodzi, ku Lilongwe ingathe kukhala yodula kuposa chimbale chakale chogulidwa pa msika.

Sindikuti anthu asiye kugula mitolo. Wophunzira wa ku London wokhala ndi laputopu ndi mapaundi 10 lero angathe kusewera magemu abwino omwe makolo ake sakanawalota, ndipo ndi chinthu chokondweretsa. Koma wofuna kutumiza kanthu kwa ana a kumudzi aganize mwa njira ina. Asankhe makina okhala ndi polowetsa chimbale. Asankhe magemu oseweredwa popanda intaneti, ndiponso oti anthu awiri kapena anayi akhale pa TV imodzi: mpira, Mortal Kombat, Tekken, mipikisano ya magalimoto. Awerenge kuseri kwa chikuto ngati palembedwa kuti pakufunika intaneti. Ndipo makinawo awayatse ali ku London komweko, atsitse zonse zofunika kuwonjezera pa gemu iliyonse, asanawakulunge m'juzi.

PlayStation 4 inagulidwa yoposa 110 miliyoni padziko lonse, ndipo zimbale zake zidakali mbwee m'masitolo a katundu wakale, m'masitolo a mabungwe othandiza anthu ndi m'misika ya Lamulungu ya pa mabwalo oimikapo magalimoto. Zimenezi zitithandiza kwa zaka zingapo ndithu. Nkhawa ili pa m'badwo wotsatira wa makina. Ana a ku London omwe lero akukulira pa Game Pass ndi makiyi a mu mtolo, akadzatopa ndi magemu awo sadzakhala ndi chikwama cha zimbale chokakhuthula pa kauntala, ndipo azakhali awo opita ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport adzanyamula makina opanda gemu ndi imodzi yomwe m'kati.